Chifuwa cha a Nasoko

Amene mudadutsako pa Chimbiya m'nyengo yachisanu mukuchidziwa chifunga cha kumeneko. Chimatsika m'mapiri dzuwa likadali pamutu, n'kuphimba msika wonse, moti umamva mawu a mnzako koma mwini mawuyo osamuona. Zimene ndikuuzenizi zidachitika m'nyengo yotereyi, ndipo amene adaziona, mpaka lero akafuna kuzikamba amayamba acheuka kaye.

Kuseri kwa mashedi a mbatata kudali kashopu ka Velina Chikhosi, mayi wa ana awiri, wamfupi, wosapsatira mawu. Ntchito yake idali kuika nyimbo m'mafoni, kusindikiza makadi a ukwati, komanso kudula mavidiyo. Munthu ankabwera ndi ulaliki wautali kapena malangizo a pachinkhoswe, iye n'kudulamo tizidutswa tifupitifupi toti tiziyenda pa Watsapu osamaliza bandulo ya anthu.

Tsiku lina m'mawa padaima galimoto yofiira ya chimkuzamawu padenga. Mudatsika mkulu wina wa jekete yonyezimira amene ankadzitcha Pulofesa Gwetsani. Ankazungulira m'misika kugulitsa mankhwala akuda a m'mabotolo otchedwa Chotsazonse, oti amachiza chilichonse, kuyambira mutu mpaka nyamakazi.

"Mayi, akuti pano katswiri ndinu," adatero akuika kamemori patebulo. "Umu muli umboni wa munthu amene ndinamuchiritsa. Mundidulire tizidutswa tabwino, mawu okoma okhaokha. Tina tipita pa Watsapu, tina tizimveka pa chimkuzamawu."

Velina atatsegula vidiyoyo adaizindikira nkhopeyo nthawi yomweyo. Adali a Nasoko, mayi amene kwa zaka zambiri ankagulitsa kachewere pa kalavati moyang'anizana ndi shopu yake, ndipo sankamulola kuchoka wopanda basera. Adali atachoka pamsikapo kalekale kupita kumudzi atadwala, ndipo Velina sadamvenso za iwo. Tsopano ndi awa, atakhala pamphasa, atatsamira khoma, bulangeti m'mapewa, masaya atalowa.

"Ndamwa mabotolo awo, ee, ndamwa," ankatero a Nasoko, chifuwa chikuwadula pakati. "Masiku oyamba ndinkati ndachira. Ndinadzuka, ndinasesa pakhomo. Koma anandiuza kuti ndisiye mapiritsi a kuchipatala, ndiye ndinasiya. Tsopano sindikupeza bwino, sindikugona. Bwerani mudzandione, abale anga, musachedwe."

Kenaka chikhatho cha wojambulayo chidaphimba chithunzi, vidiyo n'kuthera pomwepo.

"Koma bambo, apa akunena kuti sakupeza bwino," adatero Velina.

"Aa, imeneyo ndi yakale, asanamalize mankhwala," adayankha Gwetsani akuseka. "Panopa ananenepa, akulima kudimba ngati mtsikana. Foni imene ndinawajambulira atachira inagwera m'madzi. Ndiye mukufuna ndikawachotsenso kudimba chifukwa cha mawu awiri? Inu ingochotsani zodandaulazo ndi chifuwacho. Zotsalazo n'zoona."

Velina adang'ung'udza, koma adakhulupirira, chifukwa mtima wake unkafuna kuti zikhale choncho.

Adali ndi mapulogalamu atatu odulira, ndipo panafunika kusankha. Adayamba ndi ya mufoni, yodula ndi chala. Idadula, koma paliponse podulidwa mutu wa a Nasoko unkadumpha ngati nkhuku ikujompha chimanga.

"Ayi," adakana Gwetsani. "Ngakhale mwana adziwa kuti mwadula."

Adayesa yachiwiri, ya mu laputopu, imene imachotsa yokha phokoso losafunika. Chifuwa chidasiya kumveka, koma thupi lidapitirizabe kutsokomola: mapewa akugwedezeka, kukamwa kuli yasa, mitsempha ya m'khosi itatuluka, koma zonsezo zili zii. Kenala, wometa tsitsi wa shopu yoyandikana, adasuzumira pakhomo n'kubwerera m'mbuyo.

"Mlongo, imeneyo ayi. Akuoneka ngati munthu akumira m'madzi."

Idatsala yachitatu. Iyi imamvetsera zolankhula n'kuzilemba. Ukafufuta mawu pa zolembedwazo, vidiyo imadzidula yokha pomwepo, n'kusalaza nkhope kuti pasaoneke msoko. Velina sankaikonda, chifukwa Chichewa sinkachidziwa. Ikamva munthu wa kuno akulankhula inkangolemba zopalasapalasa zosawerengeka. Koma tsiku limenelo idalemba mawu onse a a Nasoko, osaphonya ngakhale lemba limodzi.

"Zayamba liti zimenezi?" adadzifunsa Velina.

"Imeneyo! Imeneyo ndiye yake!" adafuula Gwetsani ataimirira kumbuyo kwake, akuloza ndi chala. "Fufutani apo. Aponso. Apo pa 'sindikupeza' chotsani ka 'si' kokhako."

Ntchito itatha, a Nasoko ankalankhula mosadodoma, nkhope ili myaa: "Ndamwa mabotolo awo. Ndachira. Ndinadzuka, ndinasesa pakhomo. Tsopano ndikupeza bwino, ndikugona. Bwerani mudzandione." Gwetsani adatenga kamemori kake, n'kuumirira kuti Velina afufute vidiyo yoyambayo iye akuona. Kenaka adaliza galimoto ulendo.

Mawa lake Velina akusesa m'shopu, kuseri kwa katani kumene ankasungirako makatoni a mapepala kudamveka kutsokomola. Kouma, kodukizadukiza, kothera m'kupuma kwautali. Adakoka katani. Makatoni okhaokha. Adati mwina ndi Kenala, poti mashopu awo adasiyanitsidwa ndi matabwa chabe. Koma masana Kenala yemweyo adabwera ndi lumo m'manja.

"Mlongo, chifuwa chimenecho pitani nacho kuchipatala. Makasitomala anga akudandaula."

"Ine sindikutsokomola."

"Nanga ndani? Chichokereni m'mawa."

Onse awiri adacheukira kukatani kuja.

Zidayamba choncho, pang'onopang'ono. Pakhomo pankapezeka timibulu ta dothi lofiira lonyowa, longa lomatirira ku kachewere wongokumbidwa kumene, ngakhale atasesa kawiri. Mahedifoni ake adasowa patebulo. Adawapeza kumapeto kwa benchi ya makasitomala, chingwe atachikulunga bwinobwino, ali ozizira ngati agona pamame. Atawavala, asadawalumikize n'komwe, adamva munthu akukoka mpweya monga amachitira wofuna kuyamba kulankhula. Adawavula n'kuwaponya m'dirowa.

Atatsegula pulogalamu ija kuti adule malangizo a chinkhoswe cha anthu ena, idabwerera ku khalidwe lake lolemba zopalasa. Koma pakati pa zopalasazo pankaoneka kamawu kamodzi kowerengeka, kali pakokha pamzere: si. Kutsika pang'ono, si. Akakafufuta kankatulukira pena.

Madzulo ena akutseka shopu, chifunga chitatsika kale, adaona munthu atakhala pa kalavati paja. Chichokereni a Nasoko palibe adatenga malowo. Munthuyo adafulatira msewu, chitenje atafunda kumutu, beseni lopanda kanthu lili pambali.

"Mwaswera bwanji amayi?" adapereka moni Velina.

Sadayankhe. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka, kukwera ndi kutsika, popanda liwu lililonse. Lole idadutsa itayatsa nyali, ndipo itapita, pa kalavati padalibe munthu, padalibe beseni. Velina adafika kunyumba n'kukhoma chitseko msangamsanga, ndipo ana atamufunsa adangoti kwazizira.

Tsono tsiku lina, msika ukhala mawa lake, m'shopu mudalowa bambo wachikulire wovala sikumba yong'ambika pachigongono, maso ali psuu. Adaika foni patebulo, vidiyo ija ikusewera.

"Akuti anakonza ichi ndinu."

"Ndine, bambo. Kodi pali vuto?"

"Ine ndine Bizaliele, mwamuna wa a Nasoko. Mkazi wanga tinamuika m'manda mwezi watha."

Velina adagwira tebulo ndi manja onse awiri.

"Koma a Pulofesa anati..."

"Pulofesa wanuyo pamaliro analipo. Anaponya nawo dothi. Anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndilimbe mtima."

A Bizaliele adakhala pabenchi ngati thumba logwa pangolo, n'kufotokoza zonse. Kavidiyoko kadafika m'mafoni a kumudzi kwawo. Anthu adaona munthu amene adamulira akunena yekha kuti wachira, abwere adzamuone. Alamu awo a Lufeyo, mchimwene wa malemuwo, amene amakhala kutauni ndipo adafika pamaliro bokosi atakhoma kale, adabwerera kumudzi ali moto lawilawi.

"Akuti m'bokosi munali thunthu la nthochi. Akuti mkazi wanga ndinamusandutsa ndondocha, ndamubisa kwinakwake azindilimira dimba. Ine! Munthu ndinkamusambitsa ndekha, kumutembenuza ndekha! Akuti mawa dzuwa likapendeka asanamuone, afukula manda, nyumba atentha. Ndiye pali mdzukulu wina wa malemuwo, akudwala nthenda yomweyo. Wataya mapiritsi m'chimbudzi, akuti akufuna mankhwala amene achiritsa agogo ake."

Mantha onse amene Velina adali nawo masiku amenewo adasanduka ukali. 

"Galu ameneyu!" adafuula, mpaka Kenala adazimitsa makina ometera. "Wandigwiritsa ntchito ya mfiti ndi manja angawa! Munthu ankaitana abale ake kuti adzamutsanzike, ine n'kumusandutsa wotsatsa malonda! Bambo, mugone kwa Kenala lero. Mawa ndi msika, Pulofesayo abwera yekha."

Adabweradi. Dzuwa lisadakwere n'komwe galimoto yofiira idaima pakati pa msika, makatoni a Chotsazonse atadzaza mpando wakumbuyo, anthu atazungulira. Chifunga chidali chisadachoke. Velina adang'amba gulu la anthulo, a Bizaliele ali pambuyo pake.

"Inu bambo, manyazi mulibe?" adayamba, mawu akumveka mpaka kumashedi. "Munthu munamuletsa mapiritsi, mwamumwetsa madzi anu a makala mpaka wapita. Sizinakukwanireni, mwamutsatira kumanda kukamubera mawu! Ngakhale fisi akagwira mbuzi sabwerekanso kulira kwake kuti akaitanire zinzake!"

Gwetsani adakonza jekete yake, akumwetulira anthu.

"Mayi, ine kompyuta sindiidziwa. Pulogalamu inali ya ndani? Anadula ndani? Dzanja langa linakhudzapo?"

Mawuwo adamulasa Velina, chifukwa mudali choona. Koma sadabwerere m'mbuyo.

"Ndinadula ndine, ndipo ndinena pamaso pa anthu onsewa chimene ndinadula. Awa ndi amuna awo. Auzeni kuti akazi awo ali kudimba!"

Gwetsani sadawayang'ane a Bizaliele. Adalowetsa dzanja pawindo n'kukweza chimkuzamawu mpaka kumapeto kuti chimize mawu a Velina. Liwu la a Nasoko lidadzaza msika wonse. Amayi a mbatata amene ankawadziwa adaimirira.

"Ndamwa mabotolo awo. Ndachira. Ndinadzuka, ndinasesa pakhomo. Tsopano..."

Liwu lidaima. Padamveka munthu akukoka mpweya. Kenaka chifuwa chija, chouma, chodukizadukiza, chachitali kuposa mmene munthu wamoyo angapiririre.

"Tsopano sindikupeza bwino," lidatero liwulo pang'onopang'ono. "Anandiuza kuti ndisiye mapiritsi. Sindikupeza bwino."

Gwetsani adazula kafulashi m'wailesi ya galimoto. Liwu lidapitirira. Adatsegula boneti n'kuzula waya wa chimkuzamawu ku batire. Padenga padati zii. Anthu adapuma. Ndiye chifuwa chidayambanso, motsika, osati padenga ayi, koma mkati mwa galimoto, kumpando wakumbuyo, pakati pa makatoni. Magalasi adayamba kuchita nthunzi chamkati, monga amachitira mukakhala munthu wopuma.

Palibe adapita kukasuzumira. Gulu lidafutukuka lokha. Wokazinga tchipisi adasiya chiwaya chikupsa. Mayi wina amene adali atagula kale botolo adaliika pansi mwaulemu, n'kupukuta dzanja pachitenje.

"Tsegulani chitseko, Pulofesa," adatero Velina. "Si mboni yanu? Itulutseni ilankhule."

Gwetsani adatambasula dzanja, koma silidafike pachitseko. Adafuna kulankhula, pakamwa padatuluka mpweya wokha. Adabwerera chafutambuyo, adagunda dengu la tomato, kenaka adatembenuka n'kulowa m'chifunga wapansi, makiyi atawasiya pagalimoto. Ena amati adamuona pambuyo pake kumisika ya kutali, mpango uli m'khosi, akulephera kumaliza chiganizo. Ine sindidamuone. Galimoto ndiye idakhala pomwepo mpaka matayala adaphwa, ndipo ngakhale anyamata osaopa kanthu a pamsika sadachotsepo ngakhale galasi.

Koma kumudzi kudali kusadamveke zimenezi, ndipo dzuwa linkakwera. Velina adathamangira kushopu, akudziwa bwino kuti vidiyo yoyamba adaifufuta yekha Gwetsani akuona. Adatsegulabe laputopu. Mu pulogalamu yachitatu ija mawu onse adali atabwerera m'malo mwake, ka "si" kalikonse kali pamutu pa liwu lake. Chidamudabwitsa n'choti kamzere kosonyeza kutalika kwa vidiyo kadaoneka kotalikirapo kuposa mmene ankakadziwira. Sadafune kuonera yekha. Adatseka laputopu, adaikulunga m'chitenje, iye ndi a Bizaliele n'kukwera njinga zamoto za kabaza.

Atafika kumudzi adapeza pakhomo pa a Bizaliele padzaza. Amuna adali ndi makasu, wina chigubu cha petulo. A Lufeyo, wamtali, wa nsapato za kutauni zitadzaza matope, adawatchingira njira.

"Mlongo wanga ali kuti? Mwabwera naye?"

"Ndabwera nawo," adayankha Velina. "Musanakumbe, muwamve kaye. Bodza limene munaonera mufoni ndinalisoka ndine, atandinamiza munthu woipa. Zimene ananenadi mlongo wanu zili umu. Mukamva, ngati mukufunabe kutentha nyumba, muyambe mwatentha ine."

Adalowa m'nyumba amene akadakwana, ena adaunjikana pakhomo, chitseko chili chotsegula kuti akunja amve nawo. Velina adazindikira khoma lija, ndi mphasa ija itapindidwa pakona. Adaika laputopu pampando n'kuyatsa.

A Nasoko adalankhula mawu awo onse, ndi chifuwa chawo chonse. Amayi adayamba kusisima. Pofika pa "Bwerani mudzandione, abale anga, musachedwe," a Lufeyo adatsitsa mutu. Uthenga woti mlongo wawo wadwalika udawafika nthawi yabwino, iwo n'kumati apita mwezi ukatha. Khasu lidawapulumuka m'manja, ndipo adakhala pansi pomwepo, padothi, ndi buluku lawo la kutauni.

"Alamu," adatero, "ndakulakwirani."

Mayi wa mdzukulu wodwala uja adatuluka msangamsanga, akunena kuti mawa m'bandakucha alawirira naye kuchipatala.

M'vidiyomo chikhatho chija chidaphimba chithunzi. Velina adatambasula dzanja kuti atseke, poti apa ndi pamene vidiyo inkathera. Koma chikhathocho chidachoka.

A Nasoko adali pomwepo, pakhoma lomwelo, koma atakhala chowongoka, bulangeti palibe. Sankatsokomola. Kuwala kwa m'chithunzimo sikudali kwa dzuwa ngati poyamba. Kudali kotuwa, kofanana ndi chifunga chimene nthawi imeneyo chinkalowa pakhomo. Sadayang'ane kwa wojambula. Adatembenuza mutu pang'onopang'ono kumanzere, kumene a Bizaliele adakhala pakati pa anthu.

"Bambo a Yosefe," adatero mofatsa, "anthuwa amva. Tsekani chitseko, mphepo ikulowa."



"Tsiku lojambulalo ine kunalibe," adanong'ona a Bizaliele. "Ndinali kudimba."

Komabe adadzuka, monga ankadzukira zaka zonse za ukwati wawo akauzidwa choncho. Adadutsa pakati pa anthu, adagwira chitseko. Asadachikankhe, amene adaunjikana pakhomo adapatukana okha, ena uku ena uko, osadziwa chifukwa chake, monga anthu amapatukira mayi wosenza katundu pamutu. A Bizaliele adadikira pang'ono, kenaka adatseka.